Kusala ndi Ntchito: Mau kwa Asilamu a m'Mbali mwa Nyanja

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, nonse okhala m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkhotakota, kutsika ku Salima ndi Chipoka, mpaka ku Mangochi, Malindi ndi Makanjira. Tiyambe tathokoza Mulungu amene watisunga ndi moyo kufikira taonanso mwezi wa Ramadhani, pamene anzathu ena amene tinafutulu nawo chaka chatha lero ali kumanda. Mtendere ndi madalitso zikhale pa Mtumiki wathu Muhammad, pa banja lake ndi pa masahaba ake onse.

Nkhani ya m'tsamba lino ndi ya ntchito. Mwina ena mudabwa kuti, kodi m'kabuku ka Ramadhani mukufunikanso nkhani ya ntchito? Eetu, ikufunika. Chaka ndi chaka timaona anthu a mitundu iwiri. Pali munthu amene mwezi ukangooneka, iye ntchito wataya. Amagona pa mphasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ukonde uli chiunjikire, m'munda udzu ukulimbana ndi mpunga, ndipo mukamfunsa yankho lake ndi limodzi: "Ndafunga ine." Ikafika Idi m'nyumba mulibe ufa, ana alibe chovala, ayamba kuyenda m'makomo kufuna ngongole. Palinso wina amene sasintha kanthu ngakhale pang'ono. Dzuwa lili paliwombo iye ali m'munda, usiku ali panyanja, kugona sagona, daku sadzukira. Pofika tsiku la 10 thupi lakana. Mutu ukuwawa, m'maso mwachita chidima, ukali wakwera, wayambana ndi mkazi wake ndi anzake apantchito. Ena mwa otere amayamba kumwa madzi mobisa kuseri kwa bwato, madzulo nkudzakhala nawo pa mphasa ya futali ngati ofunga. Anthu awiriwa onse ataya. Woyamba wataya riziki la ana ake. Wachiwiri wataya thanzi lake, mwinanso ndi swaumu yomwe.

Tisanapite patali tigwirizane chinthu chimodzi. Thupi muli nalolo si lanu ayi. Ndi amana, chinthu chosungitsidwa, monga m'mene munthu amakusungitsirani ukonde wake popita kuulendo, nafuna adzaupeze uli bwino. Mwini wake ndi Mulungu, ndipo adzafunsa m'mene munalisungira. M'mabuku a Hadith muli nkhani ya masahaba awiri, Salman Al-Farisi ndi Abu Darda, amene Mtumiki anawalumikiza ubale ku Madina. Tsiku lina Salman anakacheza kwa mbale wakeyo, napeza mkazi wa Abu Darda ali wosadzisamala, pakuti mwamuna wake sanali kulabadiranso za pakhomo: usana kusala, usiku wonse kuswali. Salman anakana kudya kufikira Abu Darda atadya naye (swaumu imeneyo sinali ya Ramadhani, inali yongodzipereka), ndipo usiku anamletsa kudzuka mpaka chakumbandakucha, ndi pamene anaswali onse awiri. Anamkumbutsa kuti pambali pa Mbuye wake, thupi lake ndi banja lake nazonso zimayembekeza gawo lawo kwa iye. Nkhaniyi itafika kwa Mtumiki, iye anavomereza zimene Salman ananena. Tsono ngati munthu anabwezedwa chifukwa chotopetsa thupi ndi swala za usiku, nanga inu amene mukulitopetsa ndi kucheza kopanda pake ndi kadyedwe kosalongosoka?

Kwa inu amene mumati Ramadhani ndi mwezi wogona, tamverani. Kusala kunalamulidwa m'chaka cha 2 cha Hijra, ndipo m'chaka chomwecho, pa 17 Ramadhani, mu 624, Asilamu anali pa nkhondo ya Badr. Mzinda wa Makka unatsegulidwa mu 630, m'mwezi womwewu. Mneneri Daudi, ngakhale anali mfumu, ankadya kuchokera ku ntchito ya manja ake. Ulesi sitinautenge kwa amenewa.

Chimene chimafunika kwa munthu wosala ndi kusintha kagwiridwe ka ntchito, ndipo kusinthako kumatsata nyengo. Mukudziwa kuti chaka chathu cha mwezi ndi chachifupi, kotero Ramadhani imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, nizungulira nyengo zonse m'zaka 33. Akuluakulu akumbukira kusala kwa mu 2004 ndi 2005, kumene kunagwa mu Okutobala, mchenga wa ku gombe ukuotcha mapazi. Mu 2025 tinayamba kumayambiriro kwa Malichi, ndipo Ramadhani ya 2026 ndi yoyambira mu Febuluwale. Zaka zino tsono tikusala m'dzinja. Dzinja lili ndi zabwino zake: mitambo imatiphimba, maungu ndi chimanga chachiwisi ziyamba kuoneka. Koma musanyengeke. Ndi nthawi imene nkhokwe zambiri zatha, ntchito ya kumunda yachuluka, udzudzu waswana, madzi a m'zitsime zosatetezedwa aipa, usipa ukuvuta kuuma, ndipo kutentha kwa chinyontho kwa kunyanja kuno kumatulutsa thukuta ngakhale munthu ali pa mthunzi. Kuchokera pa Alfajiri kufika pa Magharibi ndi maola 13 kapena 14. Amenewo si maola ochepa kwa munthu wogwira khasu kapena nkhafi.

Tsiku la ntchito la munthu wosala limayamba ndi daku. Mtumiki anatiphunzitsa kuti m'chakudya chimenechi muli madalitso, ndipo kuti tichichedwetse kufikira pafupi ndi Alfajiri. Koma ambiri timatani? Timadya nsima yotsala nthawi ya 11 koloko usiku, nkumati daku ndi yomweyo, kuopa kudzuka. Mwatero mwadzionjezera maola 5 a njala ndi ludzu amene Mulungu sanakulamuleni. Dzukani, abale. Ndipo samalani chimene mukudya. Tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi zimakoma, koma mphamvu yake imatha dzuwa lisanakwere. Chimene chimakhalitsa m'mimba ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nsima ya mgaiwa kapena kondowole ndi nyemba, mbatata, maungu, nthochi, dzira ngati lilipo. Nsomba ya mchere wambiri ndi tsabola wambiri musadye pa daku, pakuti zidzakuitanirani ludzu masana.

Za madzi ndiye tinene mosabisa, chifukwa apa ndi pamene ambiri timagwera. Kufooka kumene mumamva nthawi ya Dhuhuri, mutu kuwawa, mtima kugunda msanga, kawirikawiri si njala ayi, ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Munthu wamkulu ayesetse kumwa malita 2 pakati pa Magharibi ndi daku, ndipo wogwira ntchito ya thukuta aonjezere. Koma musawamwe onse nthawi imodzi muadhini ali pafupi kuitana. Otero amangotuluka msanga. Imwani pofutulu, imwani mukatha Magharibi, imwani pochoka ku Tarawehe, imwani pogona, imwani pa daku. Chizindikiro chake nchapafupi ndipo musachite nacho manyazi: ngati mkodzo wam'mawa uli wofiirira kwambiri ndi wochepa, dziwani kuti simunamwe mokwanira. Madziwo akhale a pa mjigo, owiritsa kapena othira mankhwala a klorini. Sitinaiwale kolera imene inayamba mu Malichi 2022 nipitirira mpaka 2023, imene inatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma athu a m'mbali mwa nyanja anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Thobwa ndi madzi a malambe kapena bwemba a pa futali, zonsezi zikonzedwe ndi madzi abwino ndi manja osamba ndi sopo.

Pofutulu yambani ndi madzi ndi tende ngati muli nazo, kapena nthochi, kapena kaphala, kenaka kaswalini Magharibi, ndi pamene mudye chakudya chenicheni. Munthu amene wadzaza mimba mpaka pakhosi, pa Tarawehe amangosinza, ndipo mawa lake amadzuka wolemera thupi. Chiphunzitso cha Mtumiki nchakuti m'mimba musiyidwe malo a chakudya, a madzi ndi a mpweya.

Tsopano za nthawi. Inu alimi, mphamvu zanu zambiri zili m'maola anayi kapena asanu oyamba mutaswali Alfajiri. Musabwerere ku mphasa. Tengani khasu kukadali chisisira, mugwire ntchito yolemetsa, kubandira, kuzula udzu mu mpunga, kunyamula katundu, kufikira cha m'ma 9 kapena 10 koloko. Dzuwa likakula werukani. Ndime imene mukanailima mokakamiza masana, mudzailima mawa m'mawa mwa theka la nthawi yake. Mukaswali Dhuhuri gonani pang'ono. Kugona kwa masana kumeneku, kailula, ndi sunna, ndipo ngakhale mphindi 30 zimabweza nzeru ndi mphamvu. Madzulo ndi a ntchito zopepuka za pa mthunzi: kusoka ukonde, kukonza mpini, kuwerengera ndalama za malonda, kuwerenga Qur'an, kumvetsera ana zimene aphunzira ku madrasa. Ngati kutentha kwakula, sambani kapena dzithireni madzi kumutu. Zimenezi sizimasula swaumu, ndipo Mtumiki mwini anaonedwa akudzithira madzi kumutu ali wosala chifukwa cha kutentha. Chenjerani chabe kuti madzi asalowe kukhosi, makamaka inu anyamata okonda kudumphira m'nyanja.

Asodzi, nkhani yanu ndi yaitali, ndipo tikhalapo pang'ono. Inu a chilimira ntchito yanu ndi ya usiku, choncho ludzu la masana silikuvutani monga alimi. Mdani wanu ndi tulo. Munthu wamkulu amafunika maola 7 a tulo pa tsiku, koma msodzi wa m'Ramadhani amakocheza m'mawa, agulitse nsomba, achape ukonde, akhale pa bawo, agone maola awiri kapena atatu, Asiri yakwana, nkumakonzekanso ulendo wina. Masiku atatu otere, munthu amasinza ali chiimire m'boti. Tonse tikudziwa mabanja amene analira maliro opanda mtembo. Nyanja ya m'dzinja imasintha mwadzidzidzi, mpoto ukhoza kudzuka ndi mvula ndi ziphaliwali pakati pa usiku, ndipo nthawi imeneyo pamafunika munthu wamaso ndi wamutu wabwino pa injini. Mukafika pakhomo m'mawa, gonani ndithu mpaka Dhuhuri, ndipo a m'nyumba akutetezereni tulo timeneto monga amatetezera ndalama zimene mwabwera nazo. Mverani za nyengo pa wailesi musananyamuke. Jekete loyandamitsa munthu si chizindikiro cha mantha kapena kuchepa kwa chikhulupiriro. Kudalira Mulungu kumayenda pamodzi ndi kusamala.

Palinso chinthu china chimene inu asodzi mukuchidziwa kuposa ife olemba. Mwezi umene timawerengera masiku a kusala ndi womwewo umene umalamula usodzi wa nyali. Masiku oyamba a Ramadhani mwezi umalowa msanga, usiku ndi wamdima, usipa umabwera ku nyali. Pakati pa mwezi, cha pa 13, 14 ndi 15, kumawala usiku wonse, nyali zilibe mphamvu, ndipo maboti ambiri amakhala kumtunda. Kenaka m'masiku 10 otsiriza mwezi umachedwa kutuluka, mdima wabweranso, usodzi wakomanso. Koma taonani: masiku 10 omwewo ndi amene tikufunamo Lailatul Qadr, usiku wopambana mausiku onse. Apa msodzi amakokedwa mbali ziwiri, ndipo kunamizira kuti vutoli palibe nkusanena zoona. Langizo lathu ndi ili. Gwirani ntchito mwamphamvu masiku amdima oyamba, ndipo ndalama zake musamwaze. Masiku owala mwezi akhale obweza tulo, okonza maukonde ndi maboti, ndi oswali Tarawehe yonse pa mzikiti. Zikatero, pofika kumapeto mudzakhala ndi kangachepe m'thumba ndi mphamvu m'thupi, ndipo mudzatha kupatula ena mwa mausiku a 21, 23, 25, 27 ndi 29 osaopa kuti ana agona ndi njala. Nkhani imeneyi mukambirane lero, mwini boti ndi anyamata ake, osati kudikira madzulo a tsikulo injini italira kale. Ndipo usiku umene muli panyanja simuli kutali ndi Mulungu. Pakati pa kuponya ndi kukoka pamakhala nthawi yodikira. Lilime likhoza kutchula Mulungu m'malo mwa nkhani zotukwana zija timazimva mpaka kumtunda. Tengani chakudya cha daku ndi chigubu cha madzi abwino. Alfajiri ikakupezani pamadzi swalini m'boti momwemo, choimirira ngati nkotheka, chokhala ngati mafunde sakulola.

Kupuma sikuchepetsa riziki, ndipo umboni uli pafupi. Pa chilumba cha Mbenje, ku Salima, mafumu akhala akutseka usodzi miyezi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amachokera kutali kudikira tsiku lotsegulira, podziwa kuti madzi opumitsidwa amabweza. Ngati nyanja imafuna mpumulo, nanga thupi la mwana wa Adamu?

Koma tulo tambiri sititayika panyanja ayi, timatayika pakhomo. Achinyamata, ndikunena inu. Mwachoka ku Tarawehe 9 koloko, m'malo mogona muli pa foni kapena ku kanema mpaka nthawi ya daku, mawa lake ku sukulu kapena kuntchito muli ngati nkhuku yonyowa. Makamaka inu a kabaza ndi a njinga zamoto, amene mumanyamula miyoyo ya anthu kumbuyo kwanu: kusagona, ludzu, ndi liwiro lothamangira futali dzuwa likulowa, zitatuzi zikakumana pa msewu wa ku Monkey Bay zimabala ngozi. Nyamulani botolo la madzi ndi nthochi, adhana akakupezani panjira imani, mufutulu pomwepo, mukafike kwanu amoyo.

Tiyeni tsopano tione malo amene timagwirirapo ntchito, pakuti nthawi zina chotopetsa munthu ndi malo, osati ntchito. Pitani pa doko nthawi ya 11 koloko muone amayi athu. Aima padzuwa maola ambiri kudikira maboti, ena mwana ali kumbuyo, mthunzi palibe chifukwa mitengo tinaidula kale powambira nsomba. Kodi kumanga chisakasa cha udzu pa doko kumafuna boma? Amuna khumi, nsungwi ndi tsekera, tsiku limodzi chatha, ndipo aliyense wopumulapo, Msilamu kapena ayi, akulemberani sadaka. Thandala loyanikira usipa likhale lofika m'chiuno, kuti msana usamawerame tsiku lonse; ndiponso usipa wa pa thandala ndi woyera, ulibe mchenga, ndipo pamsika umagulidwa bwino kuposa woyanika pansi. Powamba nsomba musakhale kumene utsi ukupita. Utsi wolowa mwangozi sumasula swaumu, koma umawononga maso ndi chifuwa, ndipo umaumitsa kukhosi munthu wosamwa madzi. Ngati nkotheka wambani m'mawa kapena madzulo, osati moto pansi dzuwa pamwamba. Za fodya ndiye zina: kusuta kumamasula swaumu, ndipo amene wapirira maola 14 osasuta waonetsa yekha kuti akhoza kusiyiratu.

Chimbudzi pa doko ndi nkhani ya chipembedzo. Timatawasa kasanu pa tsiku, timasamala zovala zathu ku najisi, koma ena a ife timadzithandiza mumchenga ndi m'madzi momwe anzathu amatsukiramo nsomba ndi mbale. Imeneyo ndiyo njira ya kolera ndi likodzo. Chisilamu chimaletsa kuipitsa madzi, njira ndi mithunzi imene anthu amapumulamo. Makomiti a pa doko ndi a pa mzikiti agwirizane pa zimenezi mwezi uno, mitima ikadali yofewa.

Malo ena a ntchito amene amuna sitiwawerengera ndi khitchini. Abambo, tawerengani tsiku la mayi wa kunyumba kwanu. Iye ndiye woyamba kudzuka kukonza daku inu mukadali m'tulo. Kukacha ali ku mjigo, kenaka kumunda kapena ku doko, madzulo ali pa moto maola awiri kapena atatu m'kachipinda kodzaza utsi, iyenso ali wosala ngati inu. Inu mukafutulu mwanyamuka ku mzikiti, iye watsala ndi mbale. Pofika pakati pa mwezi watheratu, ndipo ya Qur'an sanawerenge ngakhale tsamba. Kodi Ramadhani inabwerera amuna okha? Mayi wathu Aisha anasimba kuti Mtumiki akakhala pakhomo ankathandiza ntchito za m'nyumba, ankasoka yekha chovala chake ndi nsapato zake. Inu simuchepa mukawaza nkhuni, mukatuma anyamata kukatunga madzi, mukaboola zenera pa khitchini kuti utsi uzituluka, kapena mukagula chitetezo mbaula imene imadya nkhuni zochepa ndi kutulutsa utsi wochepa. Ndipo lekani kulamula mitundu isanu ya chakudya pa futali. Inunso amayi, mpikisano wa mbale ndi a pakhomo loyandikana nalo ulibe malipiro kwa Mulungu.

Kwa inu eni maboti, eni masitolo, eni minda yolemba aganyu, ndi nonse amene muli ndi anthu pansi panu, udindo wanu ndi waukulu kuposa wa onse. Sahaba Abu Dharr anaonedwa atavala chovala chofanana ndi cha wantchito wake, ndipo atafunsidwa anafotokoza kuti Mtumiki anamphunzitsa kuona antchito ngati abale: kuwadyetsa chimene iye akudya, kusawasenzetsa choposa mphamvu zawo, ndi kuwathandiza ngati ntchito yakula. Si chilungamo kuti bwana agone pa mthunzi ndi tasbihi m'manja pamene mnyamata wosala akutsitsa matumba a simenti dzuwa lili pamutu. Sinthani maola. Katundu wolemera atsitsidwe m'mawa. Perekani nthawi ya swala ndi ya kupuma. Wantchito wopuma salakwitsa chenji, sang'amba ukonde, sayankha makasitomala mwaukali, ndipo phindu lake limabwera kwa inu nomwe.

Inunso olembedwa ntchito, aphunzitsi, akalaliki, anamwino, alonda, mbali yanu ilipo. Malipiro a mwezi uno mulandira athunthu, tsono ntchitonso ikhale yathunthu. Kufika mochedwa, kusinza pa desiki, kukalipira odwala kapena ana a sukulu, kukankhira ntchito kwa anzanu a zipembedzo zina nkumati "ine ndafunga", zimenezi zimaipitsa dzina la Chisilamu ndipo zimadetsa ndalama imene mukagulire futali. Ntchito zofuna kuganiza kwambiri muzichite m'mawa mutu ukadali wopepuka. Ngati mukufuna kuweruka msanga, kambiranani ndi akuluakulu anu poyera, mulowe msanga m'malo mwake. Atelala, tikudziwa kuti masiku 10 otsiriza makina salekeza. Musalandire nsalu zoposa zimene mungathe, chifukwa lonjezo labodza m'mwezi uno ndi lolemera. Sokerani pa khonde pamene pali kuwala, mpando ukhale wolingana ndi makina, ndipo ola lililonse imirirani muongole msana ndi kupumitsa maso.

Nanga thupi likakanadi? Apa pamafunika kudziwa malamulo, chifukwa ena amadzipweteka poganiza kuti akukondweretsa Mulungu. M'Surat Al-Baqara, m'ndime zonena za kusala, wodwala ndi wapaulendo apatsidwa chilolezo chomasula ndi kudzabweza masikuwo pambuyo. Sahaba Anas anasimba za ulendo wina wa tsiku lotentha kwambiri, pamene ena anasala ndi ena anamasula. Pofika pa malo opumulira osala aja anagwa pansi ndi kutopa, ndipo omasula ndi amene anamanga mahema ndi kumwetsa ziweto. Mtumiki ananena kuti tsiku limenelo malipiro anapita kwa omasulawo. Choncho chilolezo cha Mulungu si chamanyazi. Wogwira ntchito yolemetsa achite niya usiku, adye daku, ayambe tsiku ali wosala. Sikuloledwa kumasuliratu m'mawa chifukwa choti mwina kutentha. Koma ngati pakati pa ntchito wafika pozunguzika mutu, kusanza, kapena kukomoka, amwe madzi ndipo adzabweze tsikulo. Mnzanu akagwa chotero mgonekeni pa mthunzi, mmasuleni zovala, mthireni madzi, akatsitsimuka mpatseni madzi a Thanzi pang'onopang'ono, ndipo ngati sakuchira thamangani naye kuchipatala. Musayambe mwakangana za swaumu yake munthu ali gone.

Malungo m'nyengo ino musawachedwetse. Kubayidwa chala poyezetsa magazi sikumasula swaumu. Akakupezani nawo, mankhwala a LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3, ndi chakudya. Malizani onse, masiku mudzabweza. Kutsegula m'mimba ndiye kosayembekeza Magharibi nkomwe. Amene muli ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, kapena mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku monga ma ARV, pitani kuchipatala mukafunse ngati mungasale ndi m'mene mungasinthire nthawi yomwera. Musasinthe nokha ndipo musasiye. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amene akuopera moyo wawo kapena wa mwana, okalamba, ndi odwala matenda osayembekezeka kuchira, onse ali ndi njira yawo m'malamulo, ya kubweza kapena ya fidya. Afunseni ashehe a pa mzikiti wanu. Ndipo neti ya udzudzu ndi yogonamo. Imene mwaisandutsa ukonde ikupha tiana ta nsomba kunyanja, pamene udzudzu ukuluma ana anu kunyumba.

Katsala kamodzi, ka inu olemba anzanu ntchito. Mu Hadith ya m'buku la Bukhari, mmodzi mwa anthu atatu amene Mulungu adzatsutsana nawo pa tsiku la Kiyama ndi munthu amene analemba waganyu, ntchito nagwiriridwa yonse, koma malipiro osapereka. Anyamata a m'boti, mtsikana wothandiza m'nyumba, aganyu a mu mpunga, onsewa nawonso akufuna kupereka Zakatul Fitr Idi isanaswalidwe, ndi kugulira ana awo kansalu. Musawauze kuti "tionana ikatha Idi". Tsegulani kope lanu sabata ino, muwerengere gawo la aliyense pamaso pake, ndipo alandire lisanafike tsiku la 27, kuti telala akhale ndi nthawi yowasokera.